Nkhululu ya M'bondo la Aikande

Tsiku lomaliza limene Eliamani anaona mkulu wake Rumisha ali moyo, Rumisha ankakwera masitepe a pasiteji ya mabasi ku Moshi popanda chifukwa. Pamwambapo panalibe chimene ankafuna. Ankangofuna kuti anthu aone.

"Taona, adokotala a miyendo!" anafuula atafika pakati. "Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere. Zaka zinayi ndakhala ndikukwera masitepe ngati nkhalamba yobwera kumowa. Lero ndani angandiuze kanthu?"

"Tatsikani, achimwene, basi ikusiyani."

"Indisiye. Ndiithamangira."

Mwendo wake wamanzere unali wochita kupanga, koma osati ngati ija yongolendewera. Bondo lake linali ndi batire ndi kamota mkati, ndipo linkadzipinda ndi kudziwongola lokha, kumukankha munthu pokwera ndi kumugwirira potsika. Mabondo ena a mtunduwu ankayenda mwakachetechete. La Rumisha linayamba kulira tsiku limene anagwera nalo m'ngalande yothirira nthochi kwawo ku Kibosho. Amisiri analiumitsa, likugwira ntchito bwinobwino, koma kulirako sikunathe. Likapinda linkati tsirii, kawiri, kachiwiriko motsitsa. Rumisha analipatsa dzina loti Nkhululu.

Limeneli linali Lolemba. Lachinayi magazi anamuundana m'mapapo, n'kumwalira asanafike naye kuchipatala.

Mwendowo sunali wake. Unali umodzi mwa isanu ndi umodzi imene anthu oyesa miyendo yatsopano anabwereketsa, ndipo Eliamani, amene anali m'chaka chachiwiri ku koleji yophunzitsa kupanga miyendo ndi manja, ndi amene anapempha mogwada kuti dzina la mkulu wake lilembedwe. Ankadziwa kuti pamzere panali anthu oposa makumi atatu akudikira. Koma amayi ake sanafune kumva za mzere.

"Mwana wanga sapita kwa malemu bambo ake akudumphira mwendo umodzi," anatero. "Ukamuveke. Apite nawo."

M'mawa wa tsiku la maliro, Eliamani anapempha kuti amuveke yekha mkulu wake kumochale. Anamasula mwendo uja. M'buluku analowetsamo chidutswa cha thunthu la nthochi chimene anadula kuseri kwa nyumba, n'kumangirira sokosi ndi nsapato kumapeto. Mwendowo anaukulunga m'thumba la mpunga, n'kukausiya patebulo la amisiri osanena kanthu. Kukoleji sanapondekonso.

*

Patapita miyezi isanu ndi itatu, ali pamsika wa Mbuyuni kugula tomato, anamva tsirii, tsirii.

Tomato anamusiya m'manja mwa wogulitsa. Kaphokosoko kankachokera pansi pa siketi yaitali yobiriwira ya mtsikana wina amene ankatsika kakhwawa ka m'mbali mwa msewu atanyamula nanazi kukhwapa. Eliamani anamutsatira. Anadutsa ogulitsa nsapato, anadutsa pamene pamaima a njinga zamoto, anawoloka msewu. Sankaganiza chilichonse. Ankangomvera.

Mtsikanayo anaima mwadzidzidzi n'kutembenuka.

"Achimwene, mwanditsata kuchokera kumsika. Ngati ndi foni mukufuna, ndi yosweka galasi. Ngati ndi nanaziyu, ndikumenyani naye."

"Bondo lanu," anatero Eliamani.

"Ee! Amuna ena amayambira maso."

"Ayi, ndimati... likulira."

"Ndikudziwa kuti likulira. Ndili ndi makutu. Mwendo ndi umene ndilibe." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zafumbi. "Mwadziwa bwanji kuti ndi bondo? Ambiri amayesa ndi foni."

"Ndinaphunzirako za miyendoyi. Sindinamalize."

Nkhope ya mtsikanayo inasintha. Anakhazika nanazi pakhoma.

"Ndiye ndiuzeni ichi, poti kuchipatala akandiyankha amayankha ngati akuwerenga Baibulo lachingerezi. Limadziwa bwanji kuti ndikufuna kukhala pansi? Sindiliuza. Nthawi zina ndisanaganize n'komwe, lapinda kale."

"Silidziwa. Limangoganizira. Limamva kumene mwapendekera, limamva mmene chidendene chapondera, kenako n'kuganizira chimene mukufuna."

"Likalakwitsa?"

"Mumagwa."

"Ndiye ndi mwamuna ameneyu," anatero, n'kuseka mpaka kugwira khoma. "Ine ndine Aikande. Nyamulani nanaziyu, ndili ndi mafunso ena."

Mafunso analidi nawo. Kodi likanyowa ndi mvula lingamugwire nyesi? Kodi likatha moto ali pakati pa msewu aima ngati mtengo? Kodi azungu amene analipanga amaona pakompyuta kumene iye wapita? Eliamani anayankha zonse mpaka pageti la azakhali ake a Aikande. Funso limodzi lokha ndi limene analizemba.

"Nanga n'chifukwa chiyani langa lokha ndi limene limalira?"

"Mwina linagwera m'madzi," anatero akuyang'ana kumbali.

*

Mwezi usanathe anali atasiya kuitanana kuti inu.

Ankakumana pa kalesitilanti ka mayi wina wophika mtori, chifukwa pakona pake panali soketi. Aikande ankakhala chotsamira khoma, chingwe chikutuluka pansi pa siketi kupita kusoketi, iye akupemerera msuzi wa nthochi.

"Anzanga amatchaja foni, ine ndimatchaja mwendo. Ukandikwatira udziwe kuti ndimadya magetsi."

Anamuuza za lole imene inagunda njinga yamoto imene anakwera pamsewu wa ku Arusha zaka zitatu zapitazo. Anamuuza za mnyamata amene anabwera kuchipatala kamodzi, n'kuyang'ana pamene bulangete linaphwa, osabweranso. Eliamani anamuuza kuti anali ndi mkulu wake ndipo anamwalira. Anathera pomwepo. Nthawi zina akamayenda ankatsalira dala phazi limodzi kumbuyo kuti amve bwino kulira kuja, kenako n'kudzida. Nthawi zina tsiku lonse linkatha osakumva n'komwe, akungomvera kuseka kwa Aikande, ndipo akazindikira zimenezi ankadzidanso, ngati wamusiya Rumisha panjira.

Vuto linali Deo. Deogratias Mrema anali mnzake wa kukoleji, amene anamaliza, ndipo tsopano ndi amene ankakonza mwendo wa Aikande Lachisanu lililonse lachiwiri. Anali ndi galimoto yaing'ono yofiira ndi mawu ofewa. Mauthenga ake ankafika ngakhale pakati pa chakudya.

*Wadzuka bwanji, wodwala wanga wokondedwa? Chitsa sichikupweteka?*

"Wodwala wanga," anatero Eliamani atasuzumira. "Ukudwala chiyani iwe?"

"Nsanje yako ndi imene ikundidwalitsa. Munthu akugwira ntchito yake."

"Ntchito yake ndi kutumiza timitima?"

"Kamtima kamodzi. Iwe sunatumizepo ngakhale kachiwindi."

Lachisanu lina Eliamani anamuperekeza mpaka pageti la chipatala, ndipo anakumana ndi Deo akutuluka. Aikande atalowa, Deo anamugwira paphewa ngati mbale.

"Elia! Unasowatu. Ndamva kuti wapeza chibwenzi." Anatsitsa mawu. "Wavala mwendo Nambala 4, eti? Ndine ndinaulandira m'thumba la mpunga uja. Iye akudziwa?"

"Si nkhani yako."

"Mwina. Koma ine ndikanakhala mkazi ndikanafuna kudziwa ngati mwamuna akutsata ine kapena akutsata maliro."

*

Amayi ake a Eliamani anamva za Aikande kwa mlongo wawo wogulitsa mkaka m'tauni, ndipo anatumiza mawu: abwere naye Lamulungu akaweruka kutchalitchi.

Loweruka masana, ali pansi pa mtengo kuseri kwa positi ofesi, Eliamani anayamba mozungulira.

"Kwathu kukwera n'kwambiri."

"Bondo langa limakonda kukwera."

"Ndimati... tikakafika pafupi ndi nyumba, ungalizimitse?"

Aikande anasiya kusenda chimanga chootcha chimene anali nacho.

"Bwereza."

"Kwa maola awiri okha. Amayi sakonda phokoso."

"Amayi ako ali ndi ng'ombe m'khola, mbuzi, wailesi, koma sakonda phokoso." Anaika chimanga pamiyendo. "Ukudziwa chimene chimachitika ndikalizimitsa. Iwe ndi amene unandiphunzitsa. Limauma gwa. Ndimayenda chokoka ngati ndamangirira mtanda wa denga."

"Ndikugwira dzanja."

"Sindikufuna dzanja lako, Elia. Ndikufuna kudziwa. Ukufuna amayi ako aone wolumala wachisoni m'malo mwa mkazi wa makina? Chimene chikukuchititsa manyazi n'chiti?"

"Palibe chimene chikundichititsa manyazi."

"Ndiye n'chiyani?"

Eliamani anafuna kumuuza zoona. Anaona thunthu la nthochi lija, loyera, likudontha madzi pa sokosi yakuda. Akanena, Aikande adzafunsa funso la Deo, ndipo iye sankadziwa ngati ali ndi yankho loona.

"Ndikupempha," anangotero.

Aikande anamuyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati mmene ankayang'anira bondo lake likachita chinthu chachilendo.

"Chabwino. Ndizimitsa. Koma ndikufuna ndione chimene ukubisa kumeneko."

*

M'daladala, minibasi yopita ku Kibosho, foni ya Aikande inalira kawiri. Anawerenga, n'kuwerenganso, kenako anaiika m'chikwama. Ulendo wonse anayang'ana pawindo.

Atatsika, anakwera kanjira ka m'nthochi. Bondo linkalira bwinobwino, tsirii, tsirii, pakati pa mitengo ya khofi. Pamene denga la kwawo linaonekera, Eliamani anaima. Aikande anawerama, n'kudina kabatani pansi pa siketi.

"Deo wanditumizira uthenga," anatero akadali chowerama. "Akuti ndikufunse kuti mwendowu unali wa ndani ndisanauvale."

Eliamani anatsegula pakamwa. Galu anauwa, ndipo mawu a amayi ake anamveka kuchokera pabwalo: "Ndi inu? Lowani, musaime ngati okhometsa msonkho!"

Mapazi makumi atatu otsalawo Aikande anawayenda yekha, akuponya mwendo wouma chammbali, thukuta lili pamphumi. Dzanja la Eliamani analikana.

"Shikamoo, amayi," anatero Aikande, kupereka moni waulemu wa Chiswahili.

"Marahaba, mwanangu." Amayiwo anali aafupi, atavala nsalu yakuda kumutu imene sanaivule chimwalirireni Rumisha. Anayang'ana mwendowo kamodzi, osabisa. "Ndinamva kale. M'nyumba muno zimenezi si zachilendo, usachite manyazi. Khala apa."

Anamukokera kampando kaafupi, ka miyendo itatu, kokamirapo ng'ombe. Munthu wa bondo louma sangakhale pa kampando kotero, ndipo onse atatu anadziwa zimenezo nthawi imodzi. Eliamani anathamangira kukhonde kukatenga mpando wautali.

"Usavutike," anatero Aikande. Anamuyang'ana m'maso, n'kuwerama, n'kudina kabatani.

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Tsirii. Tsirii, kachiwiriko motsitsa.

Kapu ya tiyi imene amayi ananyamula inapendekeka, tiyi n'kuyamba kudontha pa phazi lawo, koma sanasunthe.

"Imirira," anatero.

Aikande anaimirira. Tsirii.

"Khalanso."

Anakhala.

Amayiwo anaika kapu pansi. Anagwada, munthu wamkulu, pafumbi, n'kuika khutu pafupi ndi siketi yobiriwira ija ngati akumvera mwana m'mimba. Kenako anatembenuza mutu.

"Eliamani. Nkhululu ikufuna chiyani kunja kuno?"

"Amayi..."

"Ndinaona nsapato ziwiri m'bokosi. Ndinazipukuta ndekha. M'buluku munali chiyani?"

Panalibenso kothawira. Anawauza zonse ataimirira, mpando wautali uli m'manja: za mzere wa anthu odikira, za pepala limene anasainira, za thumba la mpunga.

"Ndafunsa kuti munali chiyani."

"Thunthu la nthochi."

Amayi anatseka maso. "Thunthu la nthochi timaika m'manda a munthu amene mtembo wake sunapezeke. Wanga anapezeka. Ndinamusambitsa kumaso." Anapuma. "Miyezi yonseyi ndimamulota ataima pageti, atagwira mtengo, osalowa. Ndimati wakwiyira ine."

Aikande sanalire. Anafunsa motsitsa, ngati kuti amayiwo palibe.

"Tsiku lija kumsika, unkatsata ndani?"

"Iyeyo," anatero Eliamani. "Tsiku limenelo, iyeyo."

"Nanga lero?"

"Dzulo lomweli ndinakupempha kuti ulizimitse, Aika. Ndikanakhala kuti ndikutsata kulira kwake..."

"Unandipempha kuti udzipulumutse wekha. Usasakanize."

*

Amayi anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo. Eliamani ankayembekezera kukuwa, kapena kuthamangitsidwa. M'malo mwake anapita kumpanda wozungulira bwalo, wa zomera zotchedwa masale, n'kuthyola tsamba limodzi. Analipinda n'kumanga mfundo pakati.

Tsamba limenelo anayenera kuthyola ndi Eliamani, kuti apemphe chikhululukiro. Aliyense wa mtundu wawo wa Achaga amadziwa kuti chopemphedwa ndi isale, tsamba limeneli, sichikanidwa. Koma amayi anamudutsa ngati chitsa, n'kukaima pamaso pa Aikande, tsamba lili m'manja awiri.

"Mwanangu, iwe ulibe mlandu. Ndakuona mmene walowera pabwalo pano, ukukoka mwendo chifukwa chitsiru ichi chinakupempha. Mkazi wotero ndimamufuna m'nyumba mwanga. Koma ndikukupempha. Mubwezere mwana wanga mwendo wake."

Aikande anayang'ana tsambalo osaligwira.

"Amayi, si wanga. Ndi wobwereka."

"Rumisha anabwerekanso. Anafa ali nawo."

"Ndikaupereka sandipatsanso wina. Ndibwerera ku ndodo. Zaka ziwiri ndi theka sindinanyamulepo kanthu m'manja ndikuyenda. Ngakhale kapu ya madzi."

"Ndikudziwa. Ndinamuona wanga akukwawa popita kubafa. Sindikupempha chinthu chaching'ono, n'chifukwa chake ndathyola tsamba."

"Amayi, ndisiyireni ine," anatero Eliamani. "Ndipanga wina. Ndibwerera kukoleji, ndipanga wofanana ndendende, ndi manja angawa."

"Udzaupanga kuti uzilira?"



"Iwe unapanga kale wina," anatero amayi ake. "Wa nthochi."

Mphepo inagwedeza masamba a nthochi kuseri kwa khola, kumene kunali manda. Amayi sanatsitse manja. Aikande anayang'ana Eliamani, ndipo iye anazindikira kuti akudikira kuti anene chinthu chimodzi chokha, kaya *landira*, kaya *tiye tizipita*. Akati landira, wamuvula mwendo mkazi amene amamukonda. Akati tizipita, wasiya amayi ake ataimirira ndi tsamba m'manja, chinthu chimene sichinachitikepo pabwalo limenelo. Anakhala chete, ndipo anaona kukhala chete kwakeko kukufika pankhope ya Aikande.

Aikande anatambasula dzanja n'kulandira tsambalo.

"Ndalandira chifukwa ndinaleredwa, amayi. Sindinayankhe."

"Ndamva."

"Ndipo mwana wanuyu asanditsate. Ndikufuna kutsika phirili ndekha, ndimve mmene likulirira, poti tsopano ndadziwa mwini wake."

Pageti anaima, n'kutulutsa foni. Eliamani anaona chala chake chikufufuza dzina, ndipo anadziwa kuti ndi la munthu wa galimoto yofiira. Aikande sanaimbe. Sanaibwezenso foniyo m'chikwama. Anatembenuka, tsamba kudzanja lina, foni kudzanja lina.

"Mukuufuna liti?"

"Abale onse akabwera ku tchuthi, tikumanga chiliza," anatero amayi. "Simenti ikathiridwa, manda satsegulidwanso."

"Ndafunsa tsiku, amayi."

"Loweruka, pa 27 Disembala."